Tchizulo cha ku Japan ndi Ntchito Zake: Nkhani kwa Amisiri a Matabwa a ku Karonga



Tchizulo cha ku Japan, chimene eni ake amachitcha nomi, ndi chida chogobera, kuboolera ndi kusalazira matabwa. Mukachionera patali sichisiyana ndi tchizulo chimene chili m'bokosi la kalipentala wa pa boma la Karonga, pa Uliwa kapena ku Kaporo: nsonga yakuthwa, khosi, ndi chigwiriro chamtengo. Kusiyana kumaoneka munthu akachitenga m'manja n'kuchitembenuza. Chidasulidwa ndi zitsulo ziwiri zophatikizidwa pamoto, kumsana kwake n'kokumbika, ndipo kumutu kwa chigwiriro kuli mphete yachitsulo. Zitsulo ziwiri, msana wokumbika, mphete: zinthu zitatuzi muzisunge m'mutu, pakuti nkhani yonse yatsamira pamenepo.

Mfundo zake ndi zisanu. Yoyamba ndi ntchito imene idabala chidachi. Yachiwiri ndi kasulidwe kake. Yachitatu ndi mitundu ya matchizulo ndi ntchito ya uliwonse. Yachinayi ndi kakonzedwe, kanoledwe ndi kagwiridwe. Yachisanu ndi zimene mmisiri wa kuno ku Karonga angatolepo, ngakhale amene sadzagwirako tchizulo cha ku Japan moyo wake wonse.

Mfundo yoyamba: ntchito imene idabala chidachi. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la Japan ndi nkhalango, ndipo zivomezi kumeneko sizitha. Anthu ake adazolowera kumanga ndi mitengo, nsanamira ndi mitanda zolowetsana, kotero kuti nthaka ikagwedezeka nyumba imatekeseka ndi kulira koma polumikizira pake sipamasuka wamba. Kachisi wa Horyu-ji, kufupi ndi mzinda wa Nara, adakhazikitsidwa m'chaka cha 607, ndipo zina mwa nyumba zake zimene zilipo lero zatha zaka pafupifupi 1,300. Zimawerengedwa kuti ndizo nyumba zamatabwa zakale kwambiri padziko lonse. Ku Ise kuli kachisi wina amene amamangidwanso mwatsopano zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013, ndipo mwambo umenewu umachititsa kuti mmisiri wokalamba asapite kumanda ndi luso lake asanalisiyire anyamata.

Anthu amakonda kunena kuti amisiri a ku Japan saudziwa msomali. Kumeneko n'kukokomeza. Misomali ilipo, makamaka pa mapaso a denga ndi pa matabwa opyapyala. Choona n'chakuti chigoba cha nyumba, chimene chimasenza kulemera konse, chimagwidwa ndi mabowo ndi mitu ya matabwa yolowa m'mabowomo, zimene ophunzira ukalipentala kuno amazidziwa kuti motisi ndi tenoni. Nyumba imodzi imafuna mabowo mazanamazana, ndipo makina asanabwere bowo lililonse linkagobedwa ndi tchizulo. Kale kwambiri, sowo yaikulu yocheka matabwa m'litali isanafike ku Japan cha m'zaka za m'ma 1400, tchizulo chinkathandizanso kung'amba zipika. Amisiri ankagoba mabowo mondondozana potsata mitsempha ya mtengo, n'kukhomamo zikhomo mpaka chipika chitang'ambika pawiri, kenako n'kusema ndi nsompho yawo yotchedwa chona. Wosema bwato wa pa Ngara kapena pa Chilumba ataiona nsompho imeneyo sangafunse ntchito yake.

Mitengo imene amamangira kwambiri ndi hinoki ndi sugi, yofewa, yowongoka, ya banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Wina angaganize kuti mtengo wofewa sulira chida chakuthwa kwambiri, koma zili mosiyana. Mtengo wolimba umaima nji tchizulo chikamadutsa. Wofewa umagonja, ndipo nsonga ikakhala yobuntha pang'ono pokha imafinya mitsempha ndi kuizula m'malo moidula. Amene adagobapo paini wa ku Chikangawa ndi tchizulo chobuntha akudziwa mmene m'kati mwa bowo mumaonekera, monyotsokanyotsoka. Onjezani kuti amisiri a ku Japan kawirikawiri sapaka penti kapena vanishi pa matabwa a m'nyumba, ndiye kuti pamene chida chadutsa pamaonekera mpaka kalekale. N'chifukwa chake adafuna nsonga yakuthwa kuposa mmene amisiri a mayiko ena ankafunira.

Osula ake adachuluka ndi kukhwima m'matauni ochepa amene mpaka lero amadziwika ndi zida za akalipentala: Miki m'chigawo cha Hyogo, komanso Sanjo ndi Yoita m'chigawo cha Niigata. Boma litaletsa anthu kuyenda ndi malupanga mu 1876, ena mwa osula malupanga adatembenukira ku matchizulo ndi mipeni ya puleni. Mumzinda wa Kobe muli nyumba yosungiramo zida zimenezi, Takenaka Carpentry Tools Museum, imene idatsegulidwa mu 1984, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO lidaika luso la amisiri omanga ndi kukonzanso nyumba zamatabwa ku Japan pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Mfundo yachiwiri: kasulidwe. Chitsulo chimalimba chifukwa cha kaboni amene ali m'kati mwake, ndiponso chifukwa cha mmene chaviikidwira m'madzi chitafiira. Koma kulimba kuli ndi mtengo wake. Taganizani za botolo losweka ndi chikwanje. Botolo losweka limacheka kuposa chikwanje, koma likagunda mwala limanyenyeka. Chikwanje chikagunda mwala chimangopindika nsonga, mwini wake n'kuwongola ndi tupa, koma sichichedwa kubuntha. Wosula aliyense amavutika kusankha pakati pa ziwirizi. Tchizulo cha ku Ulaya, chimene chili chitsulo chimodzi chokha, chimaima pakatikati: cholimba pang'ono, chopirira pang'ono. Wosula wa ku Japan amatenga zonse ziwiri n'kuziphatikiza.

Chitsulo cholimba amachitcha hagane, chofewa amachitcha jigane. Hagane wodziwika kwambiri amapangidwa ku Yasugi, m'chigawo cha Shimane, ndipo ali mitundu iwiri. Shirogami ndi chitsulo choyera bwino, chopanda zosakaniza zambiri, cha kaboni pakati pa magawo 1 ndi 1.4 pa 100 aliwonse; chimathwa kwambiri ndipo sichivuta kunola. Aogami ndi chomwecho koma chowonjezera chromium ndi tungsten. Chimachedwa kubuntha koma chimatenga nthawi pamwala. Pa muyeso wa Rockwell, umene akatswiri amayezera kulimba kwa chitsulo, tchizulo cha ku Japan chimafika pakati pa 62 ndi 65, pamene cha ku Ulaya chimakhala cha m'ma 58 mpaka 61. Manambalawa ayandikana papepala, koma pathabwa kusiyana kwake n'kwakukulu.

Pachipala zimayenda motere. Wosula amafiiritsa chitsulo chofewa, amawazapo ufa wa borax wosakaniza ndi tinyenyeswa tachitsulo, amasanjikapo kachidutswa ka chitsulo cholimba, n'kubwezera pamoto mpaka zonse zitachita chikasu chowala. Akatero amamenya ndi nyundo mofulumira mpaka ziwirizo zitakhala thupi limodzi. Kachitsulo kolimbako amakapinda m'mbali zonse ziwiri kuti kakwere pang'ono, n'cholinga chakuti ngodya za nsonga, zimene zimavutika kwambiri pogoba bowo, zikhalenso zolimba. Akamaliza kuumba khosi ndi mchira wolowa m'chigwiriro, amapaka dongo lopyapyala, amatenthetsa kufika pafupifupi madigiri 800, n'kuviika m'madzi. Ambiri amachita zimenezi m'chipala mwamdima, chifukwa kutentha amakuweruza ndi maso poona mtundu wa chitsulo chofiira. Pomaliza amachifunditsa pamoto wochepa, wosapitirira madigiri 200, kuti kuuma kuchepeko. Mukayang'ana mbali yopendekeka ya tchizulo chonoledwa bwino mudzaona mzere: kunsonga chitsulo chonyezimira, kumtunda chitsulo chotuwa. Mzere umenewo ndiwo malire a zitsulo ziwirizo.

Chitsulo chofewa chili ndi ntchito ziwiri. Chimameza kugunda kwa hamala kuti cholimbacho chisathyoke, ndipo chimapepukitsa kunola, chifukwa gawo lalikulu la mbali yopendekeka ndi chitsulo chimene mwala umadya mosavuta. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Chitsulo cholimba chokha chikadathyoka, chofewa chokha chikadabuntha. Ziwiri pamodzi zimagwira ntchito imene chimodzi sichingathe.

Tsopano msana wokumbika, umene amautcha ura. Msana wonse wa tchizulo ndi chitsulo cholimba chija, ndipo kuti nsonga ithwe, msana uyenera kukhala wosalala ndi wowongoka kotheratu. Kusalaza chitsulo cholimba chotero ponseponse kukadatha masiku. Choncho wosula amakumba kachigwa kosaya pakati, n'kusiya kamzere kosalala kuzungulira m'mphepete ndi kunsonga. Timizere timeneti ndito timakhudza mwala ponola, ndito timatsogolera tchizulo pathabwa. Matchizulo ena otambalala amakhala ndi tizigwa titatu kapena kuposa. Wina angafunse: nanga nsonga ikatha ndi kunola n'kufika pa kachigwako? Kachigwako kamapita kakuchepa kuya chakunsonga, ndiye nthawi iliyonse msana ukakhudza mwala, kamzere kosalala kamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono pamodzi ndi nsonga. Mmisiri wosamala amachigwiritsa ntchito tchizulo chimodzi zaka zambiri mpaka chitsulo chitafupika zedi.

Chigwiriro chimapangidwa ndi mtengo wolimba, kawirikawiri oak wofiira kapena woyera wa ku Japan. Mchira wa chitsulo umalowa m'kati mwa mtengo, ndipo polowerapo pali chitsulo china chonga fanulo chimene chimakumbatira mtengowo. Hamala ikamagunda, mtengo umakanikizidwira m'fanulomo n'kugwira mchira mwamphamvu m'malo mong'ambika. Kumutu kuli mphete ija, katsura. Mphete ilipo chifukwa mmisiri wa ku Japan samenya tchizulo ndi hamala yamtengo monga zimaphunzitsidwira kuno. Amamenya ndi hamala yachitsulo yotchedwa genno, imene nkhope yake imodzi ndi yafulati, inayo yotukuka pang'ono. Yafulati ndiyo yomenyera tchizulo.

Mfundo yachitatu: mitundu ndi ntchito zake. Matchizulo onsewa ali m'mabanja awiri, ndipo banja limadziwika ndi mphete. Okhala ndi mphete ndi omenya ndi hamala. Opanda mphete, a chigwiriro chachitali, ndi okankha ndi manja okha. Kumenya hamala tchizulo chopanda mphete ndi kuchiwononga. Lamulo limeneli lilibe kupatula.

Pa omenya ndi hamala, choyamba ndi oire nomi, tchizulo cha tsiku ndi tsiku cha wopanga mipando, zitseko ndi makabati. Kutalika kwake konse ndi masentimita pafupifupi 22, chitsulo chake n'chachifupi kuti dzanja likhale pafupi ndi ntchito. Chimagulitsidwa khumi m'bokosi, za mamilimita 3, 6, 9, 12, 15, 18, 24, 30, 36 ndi 42 m'lifupi. Manambalawa akuyenda patatupatatu chifukwa muyeso wakale wa ku Japan, bu, ndi mamilimita atatu ndi kakang'ono. Mkulu wake ndi atsu nomi, chochindikala, chotalika pafupifupi masentimita 30, cha omanga nyumba, chogobera mabowo akuya m'nsanamira ndi m'mitanda. Palinso mukomachi nomi, chogobera motisi wopapatiza. Ichi n'chochindikala kuposa mulifupi mwake, ndipo mbali zake zowongoka zimadzitsogolera zokha m'bowo kuti lisapotoke. Mulifupi mwa tchizulo ndimo mumakhala mulifupi mwa bowo.

Pa okankha ndi manja pali usu nomi, chopyapyala, chosalazira m'kati mwa bowo ndi m'mbali mwa tenoni hamala ikamaliza ntchito yake. Chachikulu chake ndi tsuki nomi, chimene china chimapitirira theka la mita, chogwira ndi manja awiri, mphamvu yochokera m'phewa ndi m'chiuno. Shinogi nomi chili ndi chitsulo cha ngodya zitatu, m'mbali mwake mopyapyala, kuti chilowe m'ngodya zothina za malumikizidwe a madirowa ndi mabokosi popanda kuvulaza thabwa loyandikana. Kote nomi chili ndi khosi lopindika, kotero kuti chigwiriro chimakwera m'mwamba pamene chitsulo chagona pansi pa ngalande yaitali, monga ngalande yolowetsamo shelefu. Maru nomi n'cha nsonga yozungulira, cha mabowo ozungulira ndi zosemasema.

Pali tina titatu tating'ono ta opanga zitseko zopepuka zotsetsereka zomatidwa pepala, amene mabowo awo ndi opapatiza moti chala sichilowa. Mori nomi chili ndi kambedza kokokera zibanthu kunja. Sokozarai nomi n'chopindika kunsonga, chopalira pansi pa bowo losatulukira kuseri. Kama nomi n'chosongoka ngati kampeni, choyeretsera ngodya. Tizida timeneti tilipo pa chifukwa chimodzi: kuti tchizulo chenicheni chisagwiritsidwe ntchito yotukula zibanthu.

Okhoma maboti, ichi n'chanu. Amisiri a maboti a ku Japan amalumikiza matabwa m'mphepete ndi misomali yafulati, yaitali, yolowa m'thabwa limodzi n'kukathera m'linzake. Msomali wotero ukangokhomedwa popanda njira umang'amba thabwa. Choncho ali ndi tsuba nomi, tchizulo chowonda chimene chili ndi chitsulo chotambalala pakhosi. Mmisiri amachikhoma kuti chitsegule njira ya msomali, ndipo chikamira n'kukakamira, amamenya chitsulo cha pakhosicho chakumwamba, tchizulo n'kutuluka chowongoka osagwedezedwa uku ndi uku. Zina n'zowongoka, zina n'zokhota potsata kukhota kwa msomali. Asanakhome, amadutsitsa sowo pakati pa matabwa awiriwo kangapo mpaka mphepete zake zitagwirana popanda mpata wa madzi. Pa madoko athu, pamene boti la chilimira limathera nthawi yambiri likumatidwa, njira imeneyi ndi yoyenera kuiyesa.

Mfundo yachinayi: kukonza, kunola ndi kugwira. Tchizulo cha ku Japan chatsopano sichibwera chokonzeka. Wosula amasula, mwini wake ndiye amamaliza. Ntchito yoyamba ndi mphete. Amaichotsa, amapala m'kati mwake ndi tupa yozungulira kuti m'mphepete musakhale mwakuthwa modula mtengo, kenako amagogoda mutu wa chigwiriro mozungulira ndi hamala kuti mtengo ufinyike. Amabwezera mphete n'kuitsitsa mpaka mtengo utatulukira pamwamba pake mamilimita awiri kapena kucheperapo. Mtengo wotulukirawo amaunyowetsa pang'ono n'kuugogoda kuchokera pakati kupita m'mphepete mpaka utafutukuka n'kuphimba mphete. Zikatero hamala imagunda mtengo, osati chitsulo, ndipo mphete singavuke. Amene amadumpha ntchito imeneyi amamva hamala ikulira pachitsulo, mphete imaphwanyika m'mphepete, chigwiriro n'kuyamba kung'aluka.

Ntchito yachiwiri ndi msana. Umagonekedwa pamwala wosalala kapena pachitsulo chafulati chowazidwa mchenga wonolera, n'kukhuzidwa mpaka kamzere konse ka kunsonga katawala mofanana kuyambira ngodya ina kufika ina. Pano mpofunika kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpofunikanso kudziletsa: wokhuza msana mopitiriza amafafaniza kachigwa kaja ndipo amadya chitsulo cholimba chimene n'chopyapyala kale.

Ntchito yachitatu ndi mbali yopendekeka. Imanoledwa yafulati yonse, pa ngodya ya madigiri pakati pa 27 ndi 30. Miyala yake ndi yamadzi, osati ya oyilo, ndipo imayenda motsatana: wokhakhala wochotsera pobenthuka, wapakati wa nambala 1000, ndi wosalala wa nambala 6000 kapena 8000 womalizira. Miyala yachilengedwe yotchuka imakumbidwa m'mapiri a kufupi ndi Kyoto, koma ambiri lero amagwiritsa ntchito yopangidwa m'fakitale. Wonola amakhuza mpaka chala chitamva kaminga kopyapyala kumsana kwa nsonga, kuyambira ngodya mpaka ngodya. Kaminga kameneko ndi umboni wakuti mwala wafika kunsonga kwenikweni. Amakachotsa pamwala womalizira, posinthanitsa msana ndi mbali yopendekeka. Mwala wamadzi umakumbika msanga pakati, ndipo mwala wokumbika sungatulutse msana wowongoka, choncho nawonso umasalazidwa kawirikawiri. Girayinda youma ndi mdani wa tchizulo chimenechi. Chitsulo chake chidafunditsidwa pamoto wochepa, ndiye nsonga ikangotentha mpaka kuchita buluu, kulimba kwapita ndipo sikubwerera. Mayeso a nsonga si kumeta ubweya wa pamkono ayi, koma kudula kumapeto kwa thabwa la paini modutsa mitsempha: chakuthwa chimasiya posalala ponyezimira, chobuntha chimasiya poyera ponyotsoka.

Pogoba motisi, mmisiri wa ku Japan amakonda kukhalira thabwa kuti lisasunthe, tchizulo chili chilili kutsogolo kwake pamene diso likuona ngati chawongoka. Amayamba pakati pa bowo, osati pamzere. Amadula choimirira, amatembenuza tchizulo n'kudula chopendekera kuti chibanthu chidzuke chokha, n'kumasendera kumapeto onse awiri. Pafupi ndi mzere amasiya milimita imodzi kapena ziwiri, zimene amadzadula pomaliza, msana wa tchizulo utayang'ana mzere. Akayambira pamzere, kupendekeka kwa nsonga kumakankhira tchizulo kunja ndipo bowo limakula kuposa muyeso. Bowo lotulukira kuseri limagobedwa theka mbali ino, theka mbali inayo. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: tchizulo ichi n'chodulira, si chotukulira. Kuchikhoma mwakuya n'kuchitsamira kuti chitukule chibanthu, nsonga imabenthuka pomwepo. Chodulira, si chotukulira. Si chotsegulira chitini cha penti, si chozulira misomali.

Mfundo yachisanu: za kuno kwathu. Chitsulo si chachilendo kumpoto kuno. Aphoka a m'mapiri a Rumphi ankayenga chitsulo m'ng'anjo zimene zina zikuonekabe, ndipo Akinga a m'mapiri a kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania, ankatchuka ndi makasu ndi mikondo. Nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema zidalipo azungu asanabwere. Koma tchizulo cha kalipentala monga tikuchidziwa lero chidafala ndi amishoni, makamaka Dr Robert Laws atakhazikitsa sukulu ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, kumene ukalipentala unali umodzi mwa maphunziro. N'chifukwa chake chimene chimaphunzitsidwa m'masukulu a ntchito zamanja, ndi chimene ophunzira a masukulu otere a ku Ngara kapena ku Miracle angachipeze m'mashopu, ndi mtundu wa ku Britain: chitsulo chimodzi, msana wafulati, hamala yamtengo.

Kodi cha ku Japan n'choposa? Pa paini, malaina ndi mkungudza, komanso pa ntchito yosalaza polumikizira, n'choposa ndithu. Pa mlombwa ndi mbawa chimagwira bwino ngati ngodya ya nsonga yakwezedwa kufika madigiri 32 kapena 35. Pa mitengo youma gwa monga muwanga, tsanya ndi phingo, pa mfundo za bulugamu, kapena pa matabwa akale obisa misomali ndi mchenga, nsonga yake imabenthuka msanga, ndipo tchizulo wamba chopirira chimaposa. Chidacho chidasulidwira mitengo ya kwawo. N'chodulanso ndalama zambiri, sichipezeka m'mashopu a hadiweya, ndipo popanda miyala yake yonolera sichisiyana ndi chokongoletsera m'bokosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene zingatengedwe popanda kulipira kasitomu pa malire a Songwe ndi nzeru zake, ndipo zilipo zinayi.

Choyamba, msana. Matchizulo ambiri a m'mashedi athu amanoledwa mbali imodzi yokha, pa girayinda kapena pa simenti ya khonde, msana uli wadzimbiri ndi wozungulira kunsonga. Nsonga ndi pokumanira mbali ziwiri, ndipo imodzi ikakhala yokumbikakumbika, inayo ngakhale iwale chotani tchizulo sichithwa. Galasi lochindikala la windo ndi sandipepa yamadzi ya nambala 220, 400 ndi 1000 zikwanira kuwongola msana wa tchizulo chilichonse.

Chachiwiri, mphete. Kalipentala wa kuno amamenya kale tchizulo ndi hamala yachitsulo, chifukwa ndiyo ili pafupi, ndipo zigwiriro zong'aluka ndi zapulasitiki zosweka zili m'shedi iliyonse. Kachidutswa ka paipi yachitsulo kodulidwa ngati mphete, kopalidwa m'kati, koikidwa pa chigwiriro cha muwanga monga zafotokozedwera, kamathetsa vutoli.

Chachitatu n'cha osula zitsulo. Magalimoto ambiri olowa pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam ndi a ku Japan komweko, ndipo masipuling'i a malole ndi maminibasi akatha ntchito amathera pachipala. Chitsulo cha sipuling'i chili ndi kaboni wocheperapo, cha m'ma 0.6 pa 100, n'chopirira, choyenera tchizulo chogobera motisi m'mitengo yolimba. Tupa yakutha ili ndi kaboni wofika gawo limodzi pa 100 kapena kuposa, pafupi ndi chitsulo cha ku Japan, ndipo imatulutsa tchizulo chabwino chokankha ndi manja, bola ifunditsidwe bwino ikaviikidwa, apo ayi imathyoka ngati galasi. Wosula amene angaphunzire kuphatikiza kachidutswa ka tupa pa chitsulo chofewa ndi borax wapanga chimene osula a ku Miki amapanga. Angathenso kusulira okhoma maboti tsuba nomi, imene siifuna chitsulo chapamwamba.

Chachinayi ndi polumikizira. Zivomezi za mu December 2009 zidagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri m'boma lino, ndipo Karonga ali m'chigwa chimene nthaka yake idzagwedezekanso. Nyumba zathu zambiri n'zanjerwa, ndipo tchizulo sichingalimbitse khoma. Koma denga, mafelemu a zitseko ndi a mawindo, mabedi ndi madesiki a sukulu ndi ntchito ya kalipentala. Desiki lokhomedwa misomali yokha limayamba kugwedera chaka chisanathe, pamene la motisi ndi tenoni wothina bwino, wokhomedwa kachikhomo kamtengo, limapirira ana a mibadwo ingapo. Kuthina kumeneko kumachokera ku tchizulo chakuthwa ndi cha msana wowongoka.

Chotsala ndi kasamalidwe ka zida: chinyezi cha m'mbali mwa nyanja chimadyetsa dzimbiri chitsulo cha kaboni wambiri m'masiku ochepa. Ku Japan amapukuta zida ndi mafuta a mtengo wa tsubaki akaweruka. Kuno kadontho ka oyilo wa makina osokera pakansalu kagwira ntchito yomweyo. Mawese asiyireni kukhitchini, chifukwa mafuta ophikira amachita ulimbo pachitsulo. Nsonga zisagundane m'bokosi: chilichonse chikhale m'kathumba kake ka nsalu yochindikala.

Amayi ndi abambo, amene mwayi ungamupeze wogula matchizulo a ku Japan asathamangire bokosi la khumi. Ayang'ane mzere wa zitsulo ziwiri pa mbali yopendekeka, asankhe oire nomi zitatu, za mamilimita 6, 12 ndi 24, ndipo ndalama yotsalayo agulire mwala wa nambala 1000 ndi wina womalizira. Amene alibe mwayiwo ayambe mawa ndi tchizulo chimene ali nacho: awongole msana, aike mphete, asiye kuchitukulira zibanthu.